Makoma akale si njerwa zaulere

Anthuni, pali khalidwe lina lomwe likundinyansa kuno kwathu ku Nkhata Bay. Nyumba yakale ikangosiyidwa, denga n'kugwa, mawa lake wina wafika kale ndi wilibala, akugumula miyala ya maziko kuti akamangire khola la nkhumba. Ukamufunsa akuti, "Izi n'za azungu, mwala sudyedwa."

Za azungu eti? Taganizirani za Bandawe, pafupi ndi Chintheche. Dr Robert Laws anasamutsira mishoni kumeneko mu 1881 kuchoka ku Cape Maclear malungo atawapha anzake, kenako mu 1894 anakwera ku Khondowe. Ndiye mukuganiza kuti ndi Laws amene ankaponda dothi, kuumba njerwa, kusenza miyala pamutu? Anali agogo athu! Khoma lililonse la nthawi imeneyo lili ndi thukuta la Atonga. M'sukulu za mishoni yomweyo munatuluka Elliot Kamwana, amene atsamunda anachita naye mantha mpaka kumuchotsa m'dziko mu 1909. Munatulukanso Clements Kadalie wa ku Chifira, amene anayambitsa bungwe la ogwira ntchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Mdzukulu wanu akadzafunsa kumene anthu amenewa anayambira, mudzamulozera khola?

Kuno kumpoto njanji sinafike, tilibe masiteshoni akale ngati ku Limbe kapena ku Chipoka. Zathu n'zomwezi basi: matchalitchi, manda ndi makoma a mishoni. Anzathu ku Blantyre anasunga nyumba ya Mandala ya mu 1882, ndipo mpaka lero alendo amakaiona. Ife alendo amadutsa pamsewu wa M5 kupita ku Kande, n'kubwerera osadziwa kuti pali choti aone.

Zoona, njala ilipo ndipo simenti yakwera mtengo. Koma mlimi wanzeru sadya mbewu. Njerwa zatsopano mungaumbe chilimwe chilichonse, koma khoma la zaka zoposa 100 likagwa lagwa.

Mafumu athu ndi akulu a mpingo, chonde lowererani. Sitikupempha mamiliyoni. Tilambule tchire, tizule mitengo imene mizu yake ikung'amba makoma, tipangire madzi a mvula ngalande, ndipo wogwidwa akugumula akayankhe pabwalo la amfumu. Achinyamata, pitani kwa agogo mukalembe zomwe akudziwa za nyumbazi akadali moyo.