Nyumba, Mabalani ndi Nkhalango Zili pa Malonda: Nanga a m'Komboni?



Pali chilengezo china chimene chimatuluka kawirikawiri m'manyuzipepala a Chingerezi, ndipo tikhulupirira kuti ambiri mwa inu munachionapo. Chimati: pulazi ili pa malonda. Kenaka chimayamba kuwerenga chuma. Nyumba yaikulu ya njerwa zootcha, ya khonde lozungulira, kuseri kwake mosungiramo katundu, galaji, khola la ng'ombe ndi dibu, mabalani a fodya, chitsime chosaphwa, ndipo kumtunda nkhalango ya bulugama ya maekala akutiakuti. Wolembayo saiwala ngakhale mitengo ya mapeyala. Komboni akaikumbukira amangoti "nyumba za anchito", ngati akuwerenga makoma. Za anthu ogona m'makomamo, zaka zimene akhalapo, ana obadwira pomwepo, ndi manda ali kumapeto kwa nkhalango ija, simupeza mzere ndi umodzi womwe.

Tsono tifunse. Njerwa za nyumbayo anaumba ndani? Ndani ankachezera pakhomo pa balani, kusonkhezera moto usana ndi usiku pafupifupi sabata lathunthu kuti fodya aume bwino? Bulugama si mtengo wa makolo athu, unachokera ku Australia, ndipo unadzalidwa kuti ukhale nkhuni za mabalani ndi za mafakitale a tiyi. Pamene paima mtengo uliwonse pali munthu anakumba dzenje. Komatu mkazi wa munthu yemweyo akatola kanthambi kouma m'nkhalangomo, mlonda amamgwira ngati mbala.

Mchitidwe wogulitsa malo anthu ali pomwepo sunayambe dzulo. Kuyambira mu 1892 Harry Johnston anapatsa Azungu zikalata zotchedwa Certificates of Claim, zobvomereza kuti malo amene ankati anagula kwa mafumu ndi nsalu, mikanda ndi mfuti ndi awodi. Eugene Sharrer yekha anatenga maekala oposa 360,000. Zikalata zambiri zinali ndi mau akuti midzi imene inalipo kale isasunthidwe, koma malo akagulitsidwa kwa mwini wachiwiri ndi wachitatu, mauwo sankawerengedwanso. Mwini mudzi anasanduka mlendo pa bwinja la agogo ake, nalipira malowo ndi thukuta. Ndilo thangata, liu labwino la kuthandizana limene Atsamunda analidetsa. Mkwiyo wa thangata ndiwo unafika ku Magomero mu January 1915, pamene anthu a John Chilembwe anaukira esiteti ya A. L. Bruce. Lamulo la 1928 linati likonze zinthu, koma linalola mwini esiteti kuchotsa banja limodzi mwa mabanja khumi alionse pa zaka zisanu zilizonse, popanda kunena chifukwa.

Kutsidya kwa Zambezi zinali zoposa pamenepo. Lamulo la Land Apportionment la 1930 linapatula pafupifupi theka la Southern Rhodesia kukhala la Azungu, amene anali owerengeka. Makolo athu amene anapita kumeneko pa malole a Ulere, kapena atalembedwa ndi Mthandizi, kapena wapansi kudzera ku Tete, anaziona ndi maso. Anaona pulazi ikusintha mwini, mabanja nkupatsidwa mwezi umodzi kuti asamuke. Choncho pamene Huggins ndi Welensky anabwera ndi nkhani ya Chitaganya, nati kudzakhala kugwirira nchito pamodzi kwa mitundu, panalibe wofunika kuwamasulira machona. Iwo ndiwo anabwerera kumudzi ndi kuchenjeza mafumu kuti lamulo la malo la ku Salisbury lidzaoloka mtsinje. Mafumu anapita mpaka ku London kukakana, osamvedwa. Chitaganya chinakhazikitsidwa mu 1953, ndipo m'mwezi wa August chaka chomwecho chipolowe chinabuka pa maesiteti a ku Thyolo, ndi kufalikira m'maboma oyandikana nawo. Anthu 11 anaphedwa.

Chitaganya chinatha pa 31 December 1963, ndipo palibe wa ife amene amachilira. Koma tikanena kuti bvuto linathera pomwepo tikhala tikunama.

Taonani za Mfumu Rekayi Tangwena wa ku Nyanga. Malo a anthu ake anali atalembedwa kale m'mabuku a boma monga pulazi ya Gaeresi, ndipo anasintha manja eni ake osadziwa. Mfumu inakana kuchoka, inapambana ngakhale m'khoti, koma boma la Ian Smith linatumiza apolisi ndi akatapila mu 1969 kukagumula midzi. Munthu anganene kuti amenewo anali Atsamunda. Nanga za mu 2000 tinena kuti anali ndani? Chaka chimenecho mapulazi a Azungu anayamba kulandidwa ku Zimbabwe. Ife sitikana kuti malo anayenera kubwerera kwa anthu akuda. Nkhondo inamenyedwera zomwezo. Koma m'makomboni munali zidzukulu za anthu a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, obadwira pomwepo, osadziwa mudzi wina. Ambiri anataya nchito ndi nyumba tsiku limodzi, ndipo amene analandirako malo anali ochepa kwambiri. Lamulo la unzika la 2001 linawasandutsa alendo m'dziko lobadwiramo, mpaka malamulo aakulu a 2013 anabwezeretsa unzika kwa obadwira m'dzikomo amene makolo awo anachokera m'maiko oyandikana.

Tsono imvani ichi. Mu July 2020 boma la Zimbabwe linasainirana pangano ndi alimi Achizungu aja lakuti lidzawalipira madola 3.5 biliyoni a ku America. Ndalamazo si za nthaka ai. Ndi za zinthu zimene zinamangidwa ndi kudzalidwa pa nthakayo: nyumba, mabalani, madamu, mipanda, mitengo. Ndi mndandanda womwe uja wa m'chilengezo cha malonda. Chinthu chilichonse chinayesedwa mtengo. Amene anaumba njerwa, amene anakumba damu ndi wilibala, sanakhale nawo pa tebulo.

Kwathu ku Malawi nakonso tisadzitame. Thangata linathetsedwa ndi lamulo la 1962, koma ufulu utabwera mu 1964 maesiteti ambiri anangolowa m'manja mwa akuluakulu a boma ndi makampani awo, ndipo ku Kasungu ndi ku Mchinji kunatsegulidwa ena atsopano pa malo a midzi. Bwana anasintha khungu, komboni inakhala yomweyo. Matenanti a fodya anapitiriza kudya chimanga cha ngongole chaka chonse ndi kutuluka chimanjamanja pokolola, kufikira Nyumba ya Malamulo inaletsa mchitidwewo mu 2021. Ndipo amene mumayenda m'maesiteti mudziwa nokha kuti lamulo la pa pepala limachedwa kufika kumunda. Chinthu chimodzi tiyamikire: pa nchito ya Kudzigulira Malo, imene inayamba mu 2004, mabanja oposa 15,000, ena mwa iwo a ku Thyolo ndi Mulanje, anathandizidwa kugula malo a maesiteti ku Machinga ndi Mangochi. Zinaonetsa kuti esiteti ikakhala pa malonda, wosauka angathe kukhala wogula, boma likafuna.

Palinso mau amene tiyenera kuuzana tokhatokha, ngakhale ndi owawa. Ena mwa inu mwagwira nchito zaka zambiri kunja, mwasungako kandalama, ndipo mukaona chilengezo chotere mtima umagunda. Si tchimo kufuna malo. Koma tawaona anzathu, ana a machona enieni, amene atangolandira chikalata chinthu choyamba ndi kuitana apolisi kuti achotse nkhalamba za m'komboni, chachiwiri kugwetsa nkhalango yonse ndi kuotcha makala, mpaka mitengo ya pamanda. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Zimene ife a mabungwe a anchito tifuna ndi izi. Pulazi isagulitsidwe popanda kalata yolembamo dzina la wanchito aliyense ndi zaka zimene wagwira, yosainidwa ndi wogulitsa, wogula ndi woimira anchito. Mwini wakale asanyamuke asanalipire malipiro otsalira ndi ndalama za utali wa nchito, kapena wogula abvomere polemba kuti zaka zonsezo wazisenza ndiye. Pakuti chinyengo chofala ndi chakuti bwana watsopano amati tonse tiyambe lero, munthu wa zaka makumi awiri nkusanduka wa ganyu. Manda ajambulidwe pa mapu a malowo, ndipo njira yopitira kumeneko isatsekedwe. Ndipo anchito okhala pamenepo, akasonkhana pamodzi, apatsidwe mwai woyamba wogula gawo la malowo boma litawathandiza ngongole.

Inuyo chitani ichi osadikira. Mukaona alendo akuyendera mabalani ndi kuyeza mpanda, kapena wina akujambula nyumba ya bwana, dziwani kuti malonda ayandikira. Sonkhanani madzulo omwewo. Lembani m'kope maina onse, chaka chimene aliyense anayamba nchito, ndi maina a amene agona kumanda. Timapepala ta malipiro musakolezere moto, sungani ngakhale takale tong'ambika. Kope limodzi likhale kwa inu, lina mupereke kwa mlembi wa nthambi ya bungwe lanu, lachitatu ku ofesi ya Leba ya m'boma lanu, ndipo wolandirayo adinde chidindo pa kope lanu musanatuluke.