Kumanda tidaika, koma m'buku la boma akadali moyo

Pakagwa zovuta m'mudzi, aliyense amadziwa ntchito yake popanda womuuza. Mwini mbumba amapita kukagwada kwa amfumu anthu asanayambe kulira mokweza. Anyamata amakwera njinga kukanena uthenga kwa abale, ena mpaka kutsidya kwa malire. Adzukulu amatenga makasu, amayi amatuta nkhuni ndi madzi, a mpingo amasonkhana pasiwa. Pali ntchito imodzi yokha imene ilibe mwini, ndiyo kupita ku Registo Civil kukalembetsa kuti uje watisiya. Sabata ino, abale anga a ku Angónia, Tsangano, Macanga, Chifunde ndi madera ena a m'malire, tikambirane za ntchito yopanda mwiniyi.

Boma silifika pamaliro. Silimva kulira kwathu ndipo siliona mtumbira. Limadziwa munthu ndi zimene zalembedwa m'buku basi, ndipo ngati imfa sidalembedwe, kwa ilo munthuyo akadali moyo ngakhale tidameta kale. Tsono taganizani za malemu amene anali mphunzitsi, namwino kapena wapolisi. Mkazi wake ndi ana ali ndi gawo lawo la penshoni ku boma. Amene ankagwira ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize kapena ku kampani ya fodya, nadulidwa ndalama za INSS mwezi ndi mwezi, adasiyira banja lake thandizo la maliro ndi penshoni ya otsala. Wina adasiya ndalama za mbatata ku banki, wina mu M-Pesa kapena e-Mola. Konseko mukafika, asanakupepeseni n'komwe, funso loyamba ndi lakuti certidão de óbito ili kuti. Mukati mulibe, nkhani yathera pomwepo.

Anthu ambiri amasokoneza mapepala, choncho ndifotokoze bwino. Munthu akamwalirira kuchipatala, dokotala amalemba pepala lonena kuti wamwaliradi ndi chimene chamupha. Limeneli ndi certificado de óbito. Abale ambiri akalilandira amalipinda, kuliika m'Baibulo kapena pansi pa sutukesi, n'kumaganiza kuti zonse zatha. Ayi ndithu. Pepala la dokotala ndi kiyi chabe wokatsegulira ku Registo. Mukapita nalo ku Conservatória ya boma lanu, monga ku Ulónguè kapena ku Furancungo, kapenanso ku posto kumene kuli kalaliki wa Registo, iwo amalemba imfayo m'kaundula ndi kukupatsani boletim de óbito. M'tauni manda salandira thupi popanda boletim imeneyi. Certidão, imene akuifuna a banki ndi a penshoni ija, ndi chikalata chimene amachita kukopera kuchokera m'kaundulamo, ndipo mungathe kukapempha china nthawi iliyonse mutachifuna. Chimalipiridwa. Funsani mtengo wake, landirani lisiti, ndipo munthu wosaukitsitsa apite ndi atestado de pobreza yochokera kwa akuluakulu a dera lake.

Wopita ku Registoyo asakhale mwana wotumidwa chabe. Akhale mbale wodziwa bwino malemu, chifukwa adzafunsidwa dzina lonse, zaka, kumene adabadwira, maina a bambo ndi mayi ake, ngati anali pabanja ndi dzina la mkazi kapena mwamuna wake, tsiku ndi malo amene adamwalirira, ndi manda amene akaikidwe. Anyamule BI kapena cédula ya malemu, ndi chitupa chake iye mwini.

Lamulo la Registo Civil, limene lidakhazikitsidwa mu 2004 ndi kukonzedwanso mu 2018, limati imfa ikanenedwe pasanathe maola 48. Ine ndimaona kuti amene adalemba maola amenewa ankaganizira anthu a m'tauni, amene ofesi ili pafupi ndi khomo lawo. Sadayendepo m'misewu yathu mwezi wa February, mtsinje utadzaza, njinga yamoto itakanirira m'matope. Komabe kuchedwa kwa masiku angapo si chifukwa chokhalira pansi n'kunena kuti mwayi wapita. Pitani ndithu, mukafotokoze chimene chidakuchedwetsani. Choipa ndi kudikira mpaka chaka chitatha, pakuti pamenepo nkhani siikhalanso ya kalaliki yekha. Pamafunika kutsegula mlandu wotsimikizira kuti munthuyo adamwaliradi, kubweretsa mboni, ndi kuyenda maulendo angapo, ulendo uliwonse ndi ndalama zake.

Nanga amene wamwalirira pakhomo, kumene kulibe dokotala? Ambiri a ife timatsirizikira pamphasa m'nyumba zathu, ndipo lamulo likudziwa zimenezi. Amfumu kapena sekeretale wa dera amalemba kalata yochitira umboni, ndipo akuluakulu a ku localidade kapena ku posto amalemba chikalata cholowa m'malo mwa cha dokotala, pamaso pa mboni ziwiri. Amfumu athu, amene boma lidawazindikira mwalamulo kuyambira mu 2000, angathandize kwambiri atazolowera kulemba kalata imeneyi tsiku lomwe alandira uthenga wa maliro, osadikira kuti anamfedwa achite kubwerera patapita miyezi. Koma imfa ikakhala ya ngozi, yomira m'madzi, yodzimangirira kapena yochita kuphedwa, musafulumire kuika. Apolisi ayenera kudziwa poyamba.

Tsopano ndifike pa vuto lathu lenileni ife a m'malire. Tikudziwa tonse kuti wodwala wa ku Calómuè kapena ku Biri-Biri akathinidwa, abale amayang'ana chipatala chimene chili pafupi, ndipo kawirikawiri chimakhala cha ku Dedza kapena ku Ntcheu. Tikudziwanso, ngakhale sitinena poyera, kuti pofika kumeneko ena amatchula mudzi wa ku Malawi ndi mfumu ya ku Malawi, mwina ndi dzina lina, poopa kubwezedwa. Wodwala akachira, palibe chovuta. Akamwalira, abale amafulumira kupeza galimoto kapena ngolo, nadutsa njira za m'minda usiku kuti thupi likagone kwawo. Palibe amene amakumbukira pepala. Ndipo amene walikumbukira amapeza kuti lalembedwa dzina la munthu wa mudzi wina, wa dziko lina, amene Registo ya kwathu siimudziwa.

Imfa imalembedwa poyamba kumene yachitikira. Wamwalirira ku Malawi, pepala loyamba lichokere ku chipatala cha ku Malawi komweko, ndipo chikalata cha imfa amapereka ndi a National Registration Bureau kudzera ku ofesi ya DC. Popeza chimakhala m'Chingerezi, chiyenera kumasuliridwa m'Chipwitikizi ndi kutsimikizidwa, kenaka imfayo ilowetsedwe m'mabuku a kwathu. Za imfa zochitikira kunja amasunga ndi a Conservatória dos Registos Centrais ku Maputo, koma inu yambirani ku Conservatória ya boma lanu, akuuzeni njira yake. Ku Blantyre kulinso ofesi ya kazembe wa dziko lathu imene ingathandize. Njirayi ndi yaitali, sindikubisirani, koma imayendeka ngati dzina lili loona. Choncho mbale akamwalirira kutsidya, musanatulutse thupi, onetsani BI yake kwa amene akulemba ndi kupempha kuti alembe monga momwe zilili pa BI. Manyazi a tsiku limenelo ndi ochepa poyerekeza ndi zaka zimene mkazi wamasiye adzayende pachabe. Chimodzimodzi ana athu amene amabwera m'bokosi kuchokera ku Johannesburg: mapepala onse amene afika ndi thupi asungidwe ndi munthu mmodzi wodalirika, asasiyidwe m'manja mwa dalaivala.

Nkhani ya maina imapweteka ngakhale amene sadawoloke malire. Makalaliki adalemba maina athu m'kalembedwe ka Chipwitikizi, kotero kuti Mwale pa BI ndi Muale, Mbewe ndi Mbeue, Chisale mwina Chissale. Pamwamba pa apo munthu ali ndi dzina la ubatizo, dzina la paubwana ndi la mfunda, ndipo ku mudzi timamudziwa ndi lina, ku ntchito ndi lina. Kwa ife ndi munthu mmodzi. Kwa wa ku banki, chilembo chimodzi chikasiyana ndiye kuti ndi anthu awiri. Musanachoke pa ofesi, werengani pepalalo chilembo ndi chilembo moyerekeza ndi BI, ndipo ngati simutha kuwerenga pitani ndi mwana wa sukulu. Kukonzetsa dzina litalowa kale m'kaundula ndi mlandu winanso.

Pali ena amene safuna dala kuti imfa ilembedwe. Wina akufuna kupitiriza kulandira penshoni ya malemu ngati kuti akadali moyo. Ameneyo adziwe kuti olandira penshoni amaitanidwa kukaonetsa kuti ali moyo, ndipo tsiku logwidwa adzayankha mlandu wakuba. Wina ndi mbale wa mwamuna amene watenga BI ndi mapepala onse a malemu tsiku la maliro, kuti mlamu wake asakhale ndi poyambira. Khalidwe limeneli n'lonyansa, ndipo lamulo silili kumbali yake. Lamulo la chuma cha masiye la 2019 lidaika mkazi kapena mwamuna wotsala pa mzere woyamba wa olowa chuma, pamodzi ndi ana, patsogolo pa abale ena onse a malemu. Likuwerengeranso amene ankakhala limodzi ngati banja kwa zaka zopitirira zitatu ngakhale sadakwatitse ku Registo. Lamulo la malo la 1997 nalonso lidanena kuti ufulu wolima munda umasiyidwa kwa olowa chuma posasankha mwamuna kapena mkazi. Koma kuti mayi wamasiye aimirire pa malamulo amenewa pamaso pa notário kapena bwalo la milandu, ayenera kuyamba waonetsa kuti mwamuna wake adamwaliradi. Amalume ndi eni mbumba a kuchikazi, apa ndi pamene muyenera kuoneka, osati pogawana ziwiya pokha.

Sindiiwala amene adatisiya m'zaka za nkhondo, mtendere wa pa 4 October 1992 usanabwere. Ambiri adaikidwa ku Malawi ndi ku Zambia kumene tidathawira, ena m'tchire, ndipo palibe amene adawalemba. Ana awo lero ndi akuluakulu, ndipo ena amafunsidwa certidão ya bambo awo pa nkhani ya nyumba kapena penshoni ya usilikali. Imfa zimenezi zingathe kulembedwabe mwa njira ya mboni ija, koma mboni zake ndi anthu amene adaona maliro ndi maso awo, ndipo nawonso akukalamba. Amene ali ndi nkhani yotere apite ku Conservatória chaka chino, agogo amene adaponya nawo dothi akadali ndi mphamvu zokwera galimoto.