Njanji ya ku Chiromo: tiifufuze eni mbiri asanathe

Mwana amene anabadwa chaka chimene madzi osefukira anakokolola njanji pa Chiromo, lero ndi bambo wa pabanja pake. Chinali chaka cha 1997. Kuyambira pamenepo sitima yochokera ku Limbe inaleka kuoloka kupita ku Bangula ndi ku Nsanje, ndipo anthu a kumeneko anayamba kudalira mabwato. Zitsulo zinachita dzimbiri, masiteshoni anamera thengo. Ife tikuti nthawi yakwana yoti mbiri ya njanji imeneyi ifufuzidwe ndi kulembedwa ndi a Malawi eni ake, makamaka ophunzira athu ndi anthu a geni amene ankaidalira.

Ena afunsa kuti, kodi zitsulo zadzimbiri zili ndi phindu lanji kwa munthu amene akusowa ndalama ya ufa? Yankho lathu ndi lakuti njanji siimangidwa mwangozi. Pamakhala wina amene akuifuna, ndiponso wina amene adzailipire. Ukadziwa anthu awiri amenewa, wadziwa chifukwa chake inadzera kumene inadzerako.

Taonani. Njanji yoyamba m'dziko muno ndi yomweyi. Inachokera ku Port Herald, kumene lero timati ku Nsanje, n'kudzera pa Chiromo, kukwera motsata mtsinje wa Ruo mpaka kufika ku Blantyre mu 1908. Nthawi imeneyo katundu ankayenda pa sitima za pamadzi mu Zambezi ndi mu Shire, koma madzi a mu Shire ankachepa, sitima n'kumatitimira mu mchenga. Kumtunda katundu ankasenzedwa pamutu ndi makolo athu, amtengatenga. Azungu a minda ya thonje, fodya ndi tiyi anafuna njira yodalirika yotulutsira mbewu zawo. Kunena mosapsatira, njanjiyi anaimangira esiteti, osati mayi wogulitsa nthochi.

Kenaka anailumikiza ndi doko la Beira, ndipo mu 1935 anatsegula mlatho wa Dona Ana pa Zambezi, wotalika makilomita oposa atatu ndi theka. Ngongole za njanji ya ku Beira ndi mlathowo zinalemetsa boma la Nyasaland kwa zaka zambiri, pamene ndalama za sukulu ndi zipatala zinali zoperewera. Nanga boma limapeza kuti ndalama ngati si kwa anthu okhoma msonkho?

Koma chodabwitsa n'chakuti anthu wamba anaitenga njanjiyi n'kuisandutsa yawo. Funsani aliyense amene anakulira ku Luchenza, Khonjeni, Sandama, Thekerani kapena Makhanga. Akuuzani za mikoko ya nthochi yopita ku msika wa Limbe, madengu a nsomba za ku chigwa, ana a sukulu obwerera kwawo pa holide, ndi amayi ogulitsa zakudya m'mawindo a sitima. Kumene msewu unali wovuta nthawi ya dzinja, sitima ndiyo inali basi, ambulansi ndi msika womwe.

Kugwa kwake sikunabwere tsiku limodzi ayi. Mu 1970 kunatsegulidwa njanji ina yodzera pa Nayuchi kupita ku doko la Nacala. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira ya ku Beira, ndipo mlatho wa Dona Ana unaphulitsidwa mu 1986. Imene inali njanji yaikulu ya dziko inasanduka kanthambi kothera panjira. Choncho pamene madzi anabwera mu 1997, panalibe makampani akuluakulu olira. Olira anali a geni, ndipo kulira kwawo sikunamveke ku Capital Hill.

Apa ndiye pagona nkhani. Mu 2024 sitima yonyamula mafuta inafikanso pa Marka kuchokera ku Beira. Tikuyamika, chifukwa mafuta obwera pa njanji amachepetsa mtengo wa mayendedwe. Komabe tikufunsa: kodi njanji ikamakonzedwa, akukonzera matanki a mafuta okha, kapena akukumbukiranso masiteshoni ang'onoang'ono aja? Tikapanda kudziwa kuti ankaigwiritsa ntchito ndani, kunyamula chiyani, pa mtengo wanji, tidzabwereza za 1908: njanji yodutsa pakhomo pa anthu koma yosaima.

Ndiye kwa inu ophunzira a m'makoleji ndi m'masekondale, nayi ntchito. M'malo mokopera nkhani za maiko akutali, pitani ku National Archives ku Zomba mukaone makalata a boma la atsamunda okhudza njanjiyi. Pitani ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala mu Blantyre. Kaoneni injini yakale ya sitima imene ili ku Chichiri Museum. Koposa zonse, khalani pansi ndi madalaivala opuma, akuluakulu a masiteshoni ndi amuna amene ankakonza njanji. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo nalo limauma. Chaka chilichonse tikuwaika m'manda pamodzi ndi zimene akudziwa.

Kwa inu a geni a mu Limbe ndi mu Blantyre, musadziderere. Inu ndi amene mukudziwa kusiyana kwa mtengo wonyamulira katundu pa sitima ndi pa lole. Mwana wa sukulu akabwera ndi kope, mufotokozereni bwinobwino, ndipo aphungu akabwera kudzapempha voti, muwafunse za Chiromo.

Ndipo kwa a boma ndi oyendetsa njanji, pempho lathu ndi laling'ono: mabuku akale a m'masiteshoni, mapu ndi zithunzi musazisiye kuti zidyedwe ndi chiswe kapena zikulungire mandasi. Zisonkhanitseni, muziike poyera kuti aliyense aziwerenge. Njanjiyi makolo athu anailipira ndi msonkho ndi thukuta lawo, choncho adzukulu awo ali ndi ufulu wodziwa chimene anagula.