Kulepherana pa tchesi si mantha

Okonda bawo m'misika ya Nchalo, Ngabu ndi Bangula anazolowera kuti masewero amatha wina akagonja, n'chifukwa chake ambiri amanyoza tchesi akamva kuti akatswiri awiri alepherana. Ine ndikuti kunyozako n'kulakwitsa. Mu Novembala 2018 ku London, Magnus Carlsen ndi Fabiano Caruana analepherana masewero onse 12 olimbirana ukatswiri wa dziko lonse, komatu oyamba okhawo anatenga pafupifupi maola 7, aliyense atasuntha maulendo 115. Waulesi sangapirire pampando nthawi yonseyo. Pa tchesi munthu amapambana mnzake akalakwitsa, ndiye onse awiri akamaona msampha usanatcheredwe, wogonja achokera kuti? Otsutsa amakumbutsa masewero a nambala 12, pomwe Carlsen anapempha kuti alepherane zinthu zikumuyendera bwino, mpaka katswiri mnzake Garry Kasparov anamudzudzula. Oonerera anamanidwadi kanthu pamenepo, sindikana. Koma Carlsen anawerengera kuti pa masewero othamanga odulira mlandu Caruana sangamuthe, ndipo patangopita masiku awiri anamugonjetsa katatu motsatizana.