Chisa m'belo la fodya

Alimi anzanga, Chizungu china timachiphunzira ndi misozi. Ine sukulu ndidalekezera Fomu 2, koma mawu akuti nesting ndidawamva koyamba tsiku limene mabelo anga atatu a fodya wa bale adabwezedwa ku okushoni. Ndidangogwedeza mutu ngati ndamva.

Adandimasulira ndi mphunzitsi wina kwathu kuno ku Mkanda. Akuti nest ndi chisa. Monga mpheta imabisa mazira m'chisa, mlimi amabisa fodya wonyansa pakati pa belo, kunja n'kuyalako masamba okongola. Ine sindidachite dala ayi. Anyamata aganyu ndiwo adadinda mabelowo pa jeke ine ndili kumaliro. Koma wogula akazula ndindi pakati pa belo safunsa za maliro.

Sindikuikira kumbuyo chinyengo, chimatigwetsera mtengo tonse. Dandaulo langa ndi chilankhulo. Alimi ang'onoang'ono tidaloledwa kulima bale mu 1990, nanga bwanji zifukwa zobwezera fodya sitiuzidwa m'Chichewa? Mawu tili nawo: kusakaniza, nkhungu, chinyontho, zitsotso. Mlimi amene sadamve cholakwa chake amangoti andibera, ndipo chaka chinacho mudzamuona usiku pa njinga akuolotsa fodya njira zachidule kulowera ku Chipata. Kuno malire ali pakhomo.

Alangizi ayambe ndi mawu amenewa pa misonkhano ya makalabu, nthawi yosankha fodya isanafike.

Mabelo aja ndidawamasula, kusankhanso tsamba ndi tsamba, galimoto n'kulipira kawiri.