Mdzukulu wa Mtchona Pakhomo la Sukulu ku Mbare

Ku Mbare, Highfield, Mufakose ndi Dzivarasekwa, mumzinda wa Harare, kuli ana amene agogo awo anachoka ku Nyasaland, ku Tete ndi kum'mawa kwa Zambia kukagwira ntchito m'minda ya fodya, m'migodi ndi m'nyumba za azungu. Anawa anabadwira konko ndipo Chishona amachilankhula ngati eni ake, koma pabwalo la sukulu dzina lonyoza loti "mabhurandaya", lochokera ku dzina la Blantyre, likadawalondolabe.

Chipongwe chimapweteka, komabe chimene chimatseka khomo ndi pepala. Lamulo la unzika la 2001 linakakamiza anthu a makolo obadwira kunja kukana unzika wa maiko amene ambiri mwa iwo anali asanawapondemo n'komwe, ndipo ochuluka anatsala opanda dziko. Malamulo aakulu a 2013 anazindikira kuti wobadwira mu Zimbabwe kwa kholo lochokera m'dziko la SADC ndi nzika, naikanso Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Zimenezi n'zoyamikika. Koma gogo amene analibe chitupa sanalembetse mwana wake, ndipo mwanayo sangalembetse wake. Mdzukulu amasesa kalasi, amaimba nyimbo ya fuko m'mawa uliwonse kwa zaka zisanu ndi ziwiri, kenaka polembetsa mayeso a Giredi 7 amafunsidwa chikalata chakubadwa chimene banja lonse silinachionepo. Sukulu imene inamulandira popanda pepala siyenera kumukana pa tsiku la mayeso. Nacho Chichewa chija, mwanayu amachimva kumaliro ndi pabwalo la gule wamkulu, m'kalasi n'chosowa.

Amalawi akamva izi amagwira njakata, koma nawonso ali ndi mlandu wawo. Mu 2023 boma linalamula othawa kwawo okhala m'matauni kuti abwerere kumsasa wa Dzaleka ku Dowa, umene anaukonzera anthu osaposa 12,000 koma unali ndi oposa 50,000, ochokera ku Congo, Burundi, Rwanda, Ethiopia ndi Somalia. Ana ena amene ankaphunzira m'masukulu a ku Lilongwe, olankhula Chichewa chosasiyana ndi cha anzawo, anasiya makalasi pakati pa chaka. Povomereza pangano la othawa kwawo la 1951, Malawi anakana kumangidwa kotheratu ndi ndime zingapo, kuphatikizapo ya ufulu woyenda ndi ya maphunziro m'masukulu a boma.