Mutu ukakula sulewa nkhonya: mafunso a aphungu ku Scotland

Akuluakulu akale adati mutu ukakula sulewa nkhonya. Wolandira udindo walandiranso madandaulo a anthu ake. Nanga mudzi ukakhala ndi mitu iwiri, nkhonyayo igwere uti?

Umu ndi mmene zilili ku Scotland. Kuyambira 1999, dzikoli lili ndi boma lake ndi nyumba ya malamulo yakeyake mumzinda wa Edinburgh, ya aphungu 129, komabe likadali mbali ya United Kingdom. Mphamvu adagawana monga achitira nyakwawa ndi mfumu yaikulu. Zipatala, sukulu, misewu ndi sitima zopita ku zilumba zili m'manja mwa Edinburgh. Malamulo a mitengo ya magetsi ndi gasi, pamodzi ndi zilolezo zokumba mafuta pansi pa nyanja, zidatsala ku London.

Lachinayi, nyumbayo ikamakumana, nduna yoyamba, yomwe ndi mutu wa bomalo, imaimirira kuyankha mafunso. Phungu akadzuma kuti anthu akugona m'nyumba zozizira chifukwa magetsi adula, monga zidalili mu 2022, yankho limakhala lophikaphika: malire a mtengo amaika ndi bungwe la Ofgem, ndipo mwini bungwelo ndi London. Choipa chake n'chakuti yankholi ndi loona. Wofunsa amakhala pansi atamveka pa wailesi, woyankha naye n'kupuma, koma nkhalamba ija ikuzizidwabe.

Phungu wanzeru amaponya mwala pamene pali mbalame. Boma la Edinburgh limaika lokha mlingo wa msonkho wa pa malipiro. Mu 2021 lidayamba kupereka mapaundi 10 pa sabata kwa mwana wa m'banja losauka, ndipo pofika kumapeto kwa 2022 ndalamayo idafika mapaundi 25. Apa funso lakuti bwanji simudaonjezere, kapena mwachotsa kuti ndalamazo, lilibe kothawira.

Nkhani ya sitima ziwiri ndiyo iphunzitsa bwino koposa. Mu 2015 boma lidavomereza kuti kampani ya Ferguson ya ku Port Glasgow ipange sitima ziwiri zonyamula anthu ndi magalimoto kupita ku zilumba, pa mtengo wa mapaundi 97 miliyoni, ndipo zimayembekezeka mu 2018. Yoyamba, Glen Sannox, adaitsitsira m'madzi pa mwambo waukulu mu 2017 ili yosatha, mazenera ena ali ongojambula ndi utoto. Nsima ya alendo sapakula ili yaiwisi, koma apa adatero, nduna yoyamba Nicola Sturgeon ili pomwepo. Kampaniyo idagwa mu 2019, boma n'kuitenga. Glen Sannox idayamba kunyamula anthu opita ku chilumba cha Arran mu Januwale 2025, ndipo chakacho chidatha inzake, Glen Rosa, isanayambe ntchito. Mtengo udapitirira katatu uja adagwirizana poyamba. Nthawi yonseyi anthu a ku zilumba amadalira sitima zokalamba, zofa kawirikawiri, pofuna chipatala kapena katundu wa m'sitolo.

Pamenepa padalibe London woti n'kumuloza chala. Ndipo chidavundukula zambiri si phokoso la Lachinayi ayi, koma makomiti a aphungu, omwe amakhala pansi ngati bwalo la milandu, kuitana mboni imodziimodzi ndi kufuna makalata. Komiti ina idagamula mu 2020 kuti ntchitoyo idayendetsedwa molephera kotheratu. Mu 2022 ofufuza za chuma cha boma adapeza kuti kampaniyo sidapereke chikole chokwanira chobwezera ndalama ntchito ikalephereka, kuti akatswiri adachenjeza nduna za ichi, ndi kuti padalibe zolembedwa zokwanira zofotokoza chifukwa chake ndunazo zidavomerabe. Mu Novembala chaka chomwecho, Sturgeon adakhala pamaso pa komiti yoona za ndalama za boma, n'kufunsidwa kuti adavomereza ndani, liti, ndipo atauzidwa chiyani.